Liwu limodzi la Chingerezi, makhadi 64 a Chitaliyana: momwe ntchito ya "time" inayendera

7 Sepitembala 2024

Mng'ono wanga akubwera kuno ku Bergamo, ku Italy, mu Januwale, ndipo ntchito imene akudzayamba ndi yomwe ndimagwira ine, yosamalira okalamba pakhomo, imene kuno amati *badante*. Chingerezi amachidziwa bwino, koma Chitaliyana chake ndi cha moni basi, chija tinkatola kwa ansembe a Montfort tili ana ku Balaka: *buongiorno*, *grazie*, *ciao*. Sabata yatha anafuna kundifunsa nthawi imene ndimaweruka, ndiye analemba kuti "A che tempo finisci?" Anafufuza "time" pafoni, foni n'kumupatsa *tempo*, iye n'kungoika. Palibe Mtaliyana amene angafunse choncho. Funso lolondola ndi "A che ora finisci?"

Vuto lomweli linandisowetsa mtendere chaka changa choyamba chonse, ndipo sindikufuna kuti mwanayu adutse momwe ndinadutsa ine. Ndaganiza zomupangira makhadi a liwu limodzi lokhali, ndione ngati njirayi ikuthandiza ndisanapite ku mawu ena. Ndikulemba zonse, zoyenda ndi zokanika, kuti amene akuphunzira Chitaliyana podzera m'Chingerezi asaononge ndalama pomwe ndaononga ine.

Zomwe ndagula lero: paketi ya makhadi oyera 100, €2.80, zolembera zinayi za mitundu, €3.20; dikishonale yakale ya Chingerezi ndi Chitaliyana kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, €8. Pa intaneti ndikugwiritsa ntchito WordReference ndi Treccani, zonse zaulere. WordReference imathandiza kupeza liwu, Treccani imathandiza kuona momwe eni ake amalitanthauzira m'chilankhulo chawo.

15 Sepitembala

Makhadi 40 oyamba ndawataya, ndipo nditchula chifukwa chake mwatsatanetsatane popeza apa ndi pomwe ntchito yonse yasinthira.

Ndinatsata dikishonale momwe inayalira. Kutsogolo kwa khadi ndinalemba Chingerezi, kumbuyo Chitaliyana: "free time" ndi *tempo libero*, "three times" ndi *tre volte*, "what time is it" ndi *che ore sono*, mpaka 40. Ndinawajambula n'kutumiza pa WhatsApp. Patatha masiku asanu ndinamufunsa makhadi 20 mosakaniza, analakwa 11, ndipo pa 11 amenewo, 9 anayankha *tempo* posayenera. Iye mwini anati, "Achemwali, ndikangoona 'time' paja, mutu ukuthamangira *tempo* ndisanawerenge n'komwe mawu enawo."

Usiku womwewo ndinakhala pansi n'kumasulira makhadi onse 40 m'Chichewa, kungofuna kuona komwe wasokonezekera. Ndinapeza kuti liwu lakuti "nthawi" silikupezeka n'komwe pa makhadi ambiri. "Three times" ife timati katatu. "This time" timati ulendo uno. "I have no time" nthawi zambiri timati ndilibe mpata. "Once upon a time" ndi padangokhala. Chingerezi chinaunjika zinthu zonsezi m'dengu limodzi, pomwe Chichewa ndi Chitaliyana zimazisunga padera, ndipo kawirikawiri zimagawa pamalo ofanana. Ndiye kuti mwanayu ankachoka pa chilankhulo chimene chimasiyanitsa, n'kudutsa pa chimene chimaphatikiza, kenako n'kumavutika kusiyanitsanso.

Chokonza: kutsogolo kwa khadi kukhale Chichewa chokha, chiganizo chathunthu. Kumbuyo Chitaliyana. Chingerezi ndachikankhira pakona yakumunsi kumbuyo komweko, m'zilembo zing'onozing'ono.

22 Sepitembala

Milu itatu, uliwonse ndi mtundu wake. Pachivundikiro cha bokosi la nsapato lomwe ndikusungiramo ndalembapo mafunso atatu. Kodi yankho lake ukhoza kuliona pawotchi? Ndiye *ora*, cholembera chofiira. Kodi ukhoza kuwerenga kamodzi, kawiri, katatu, kapena kunena kuti "ulendo"? Ndiye *volta*, chobiriwira. Kodi ndi chinthu choti uli nacho, chakuchepera, wachitaya, chadutsa? Ndiye *tempo*, chabuluu.

Ndayamba ndi *volta* chifukwa pantchito yathu ndi liwu loopsa ukalisokoneza. Dokotala akalemba kuti *una compressa due volte al giorno*, akutanthauza piritsi limodzi kawiri patsiku. *Alle due* ndi 2 koloko. *Ogni due ore* ndi pakapita maola awiri aliwonse. Mawu atatuwa onse ali ndi *due*, ndipo munthu wotopa, amene akumva dokotala akuyankhula mothamanga pafoni, akhoza kumwetsa nkhalamba mankhwala mopitirira muyeso. Makhadi atatuwa ndawajambulira mzere wokhuthala m'mbali ndipo akhala oyamba m'bokosi. Pa khadi lachinayi ndalemba funso lopulumutsa: kangati patsiku? *Quante volte al giorno?* Ndamuuza kuti asachite manyazi kufunsa funso limeneli ngakhale katatu.

Ena a mulu umenewu anangolembeka okha, chifukwa "ulendo" ndi "ka-" zikugwirizana ndi *volta* pafupifupi paliponse. Koyamba, *la prima volta*. Komaliza, *l'ultima volta*. Ulendo uno, *questa volta*, kapena mwachidule *stavolta*. Ulendo wamawa, *la prossima volta*. Mmodzimmodzi, monga momwe amanenera polowetsa anthu kwa dokotala, *uno alla volta*. Bwerezaninso kamodzi, *ancora una volta*. Nthano zawo zimayamba ndi *c'era una volta*, pomwe ife timati padangokhala ana n'kuyankha kuti tili tonse. Liwuli linachokera ku mneni wotanthauza kutembenuka, ndiye nkosadabwitsa kuti likufanana ndi ulendo wathu, wopita n'kubwerako.

Pomwe lamulo langa likupunthwa ndi pa "nthawi zina" ndi "nthawi iliyonse". Chichewa apa chimanena "nthawi", koma Chitaliyana chimati *a volte* ndi *ogni volta*. Makhadi awiriwa ndawalembapo chenjezo.

Ngozi ya lero: zolembera ndinagula zija inki yake imasungunuka ndi madzi. Ndinkalembera patebulo la kukhitchini, tambula ya madzi a agogo amene ndimawasamalira n'kugubuduka, makhadi 14 obiriwira n'kusanduka mabala okhaokha. Otsala m'paketi sakanakwana. Paketi yachiwiri, €2.80, ndipo tsopano ndikulemba ndi bolopeni wamba, mtundu ndikungopaka pakona.

6 Okutobala

Mulu wa *tempo* wakula kuposa ina yonse, wafika makhadi 22.

Khadi loyamba silikupezeka n'komwe pansi pa "time" mu dikishonale, koma kulisiya kukanakhala kumulakwira mwanayu. Agogo amene ndimawasamalira, m'mawa uliwonse ndikamatsegula mazenera, amafunsa kuti "Che tempo fa?" Sakufunsa nthawi. Akufunsa kuti kunja kwacha bwanji, kaya kuli mvula, chifunga kapena dzuwa. Masabata anga oyamba m'nyumba muno ndinkawawerengera wotchi, iwo n'kumangokhala chete, ndipo zinandipweteka nditazindikira kuti munthu wosatha kudzuka yekha ankafunsa za kunja osayankhidwa. *Tempo* ndi nthawi komanso ndi nyengo. Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni, chifukwa liwu lathu la "nyengo" limagwiranso mbali ziwiri: timati zanyengo pa wailesi, timatinso nyengo ya mavuto. *Bel tempo* ndi kunja kwabwino, *maltempo* ndi mvula yamkuntho ndi zina zotere. Koma nyengo ya dzinja kapena ya chilimwe ndi *stagione*, ndipo ndaika khadi lapadera kuti asasokoneze.

Makhadi a pantchito ndawaika pamodzi. *Contratto a tempo determinato* ndi kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera, *a tempo indeterminato* ndi yopanda tsiku lothera. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha, *in*, koma kwa mlendo amene akukonzetsa chilolezo chokhalira m'dziko muno kapena kufuna nyumba ya lendi, zilembo ziwirizo n'zolemera kwambiri. Ndamulembera kuti awerenge mzere umenewo ndi chala asanasaine. *Tempo pieno* ndi ntchito ya tsiku lonse. Ya maola ochepa eni ake amangobwereka Chingerezi n'kunena kuti *part-time*, ngakhale pamapepala ena amalemba *tempo parziale*.

Pali makhadi awiri amene ndalembanso katatu. Loyamba: wakhala nthawi yaitali bwanji ku Italy? *Da quanto tempo sei in Italia?* Mneni amakhala wa nthawi ya tsopano, ndipo yankho ndi lotero: *sono qui da sei anni*, ndili kuno zaka zisanu ndi chimodzi. Amene amaganiza m'Chingerezi amafuna kuika mneni wa zakale. Lachiwiri: zimatenga nthawi yaitali bwanji? *Quanto tempo ci vuole?* Poyankha, ngati ndi ola limodzi umati *ci vuole un'ora*, koma kuchokera pano kukafika ku Milano pa sitima *ci vogliono cinquanta minuti* kapena kuposerapo pang'ono. Mneni amasintha zinthu zikachuluka, monga momwe ife timasinthira "limodzi" ndi "awiri".

Mdzukulu wa agogo, wokonda Atalanta, timu ya mpira ya kuno ku Bergamo, kuyambira ali khanda, ataona milu yanga anati ndaiwala za mpira. Timuyi inatenga chikho cha Europa League mu Meyi chaka chino ku Dublin itagonjetsa Bayer Leverkusen 3-0, zigoli zonse za Ademola Lookman, ndipo mumzinda muno sungathe sabata osamva nkhani ya mpira. Chigawo choyamba ndi *primo tempo*, chachiwiri *secondo tempo*. Mphindi zoonjezera kumapeto kwa chigawo ndi *recupero*, koma mphindi 30 zija amaonjezera matimu akalepherana ndi *tempi supplementari*. Makhadi atatu ena.

13 Okutobala

*Ora* ndi losavuta kulikumbukira chifukwa likumveka ngati "ola" lathu. Kufanana kumeneku ndi kumenenso kwabweretsa vuto. Ife l ndi r timazisinthanitsa popanda kusintha tanthauzo, ndipo mng'ono wanga atanditumizira mawu ojambula ndinamva "che ola è" ndi "volita". Kuno *ola* ndi funde lija anthu amapanga m'bwalo la mpira akamaimirira motsatizana. Khadi silingaphunzitse lilime. Ndapempha agogo kuti andiwerengere mulu wofiira wonse mofatsa ndikujambula pafoni, ndipo anavomera mokondwa, mpaka kubwereza okha pomwe aona kuti athamanga. Mphindi 6 za mawu. Bandulo ya mwanayu inatha pakati potsitsa zithunzi ndi mawuwo, ndamutumizira ndalama yokwana €5 yogulira ina, ndipo kuyambira pano zithunzi ndikuzichepetsa kaye ndisanatumize.

Zomwe zili m'mulu umenewu: nthawi ili bwanji, *che ore sono* kapena *che ora è*, zonse n'zolondola. Yankho la 1 koloko ndi *è l'una*, koma kuyambira 2 koloko umati *sono le due*, *sono le tre*. Masana enieni *è mezzogiorno*, pakati pa usiku *è mezzanotte*. Kwatsala mphindi 15 kuti ikwane 8 ndi *le otto meno un quarto*. Kuchipatala, kusitima ndi m'maofesi amawerenga maola mpaka 24, ndiye pepala likati *ore 15.30* ndi hafu pasiti 3 masana. Nthawi yomwa mankhwala yakwana, *è ora di prendere le medicine*.

Awiri amene dikishonale sinandikonzekeretse. *Ora* palokha limatanthauzanso "tsopano", mofanana ndi *adesso*: *ora vengo*, ndikubwera pompano. Ndipo *non vedo l'ora*, kumasulira liwu ndi liwu ndi "sindikuona ola", koma tanthauzo lake ndi lakuti ndikuona kuchedwa, ndikulakalaka zitafika. Apanso Chichewa chili pafupi: tonse tikunena za kuona.

27 Okutobala

Khadi limene sindinaliganizire. Usiku wathawu mawotchi abwerera m'mbuyo ola limodzi, 3 koloko n'kukhalanso 2 koloko. Zimachitika Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo Lamlungu lomaliza la Malichi amapititsanso patsogolo. Nthawi ya miyezi yotentha amati *ora legale*, ya miyezi yozizira *ora solare*. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka dzulo, wotchi ya kuno ndi ya ku Malawi zinali chimodzimodzi. Kuyambira lero ife tili m'mbuyo ndi ola limodzi.

Lamlungu lililonse ndimaimbira amayi 4 koloko madzulo, ndipo tikatha kucheza ndimamufunsa mng'ono wanga makhadi. Foni inasintha yokha usiku, ine n'kuimba ikuonetsa 16.00, kumudzi ili kale 5 koloko. Amayi anadikira, kenako n'kupita kumphakati, ndipo mayeso a sabata ino alephereka. Makhadi awiri ofiira aonjezeka: *ora legale* ndi *ora solare* pa limodzi, *fuso orario* pa linalo, lomwe ndi kusiyana kwa mawotchi pakati pa mayiko.

9 Novembala

Panatsala kamulu ka makhadi okana kulowa m'mitundu itatu ija. Ndinawakakamiza kwa masabata awiri, kenako ndavomereza kuti pakufunika mulu wachinayi ndi wachisanu.

Wachinayi ndi *orario*, nthawi yolembedwa pakhoma kapena papepala: *orario dei treni*, *orario di lavoro*, *orario di visita* kuchipatala. Chovuta ndi kusiyanitsa *in orario* ndi *in tempo*. Sitima ikafika pa mphindi yomwe inalembedwa, *il treno è in orario*. Iwe ukafika sitima isananyamuke, ngakhale ukupuma mwawefuwefu, *sei arrivata in tempo*. Ukaiphonya, *non ho fatto in tempo*. Munthu wosunga nthawi ndi *puntuale*, wochedwa ali *in ritardo*, wofulumira ali *in anticipo*. Kutsogolo kwa makhadiwa ndinayamba ndalemba "pa nthawi yake" pa onse awiri, ndiye ndinabweretsanso matenda a Chingerezi aja m'Chichewa. Ndasintha: limodzi likuti "sitima sinachedwe", linalo likuti "ndaipezerera".

Wachisanu ndi wa mawu amene Chingerezi chimati "time" koma Chitaliyana chilibe liwu la nthawi ngakhale limodzi, monga "have a good time", "three times four", "overtime" ndi "take your time". Unasangalala? *Ti sei divertita?* Kuchulukitsa masamu, 3 kuchulukitsa ndi 4, ndi *tre per quattro*. Maola ogwira kupitirira pa mgwirizano ndi *gli straordinari*, ndipo ndamuuza kuti aziwalemba m'kope tsiku lomwelo. Musafulumire, chitani mofatsa: kwa mnzako umati *fai con calma*, kwa wamkulu *faccia con calma*. Apa ndatenga mpata kumukumbutsa kuti *tu* ndi iwe, *Lei* ndi inu. Agogo ndakhala nawo zaka zinayi ndipo ndimawatchulabe *signora* ndi *Lei*. Mwana woleredwa kwathu sadzavutika ndi ulemu umenewu. Chomwe ayenera kuloweza ndi momwe mneni amasinthira basi.

Kuwerenga komaliza: *tempo* 22, *volta* 16, *ora* 14, *orario* 6, otsalawo 6. Onse 64.

16 Novembala

Makhadi olemba pamanja sangapirire m'thumba la epuloni, ndiye ndinawataipa pa kompyuta ya ku laibulale, 8 pa pepala lililonse la A4, mapepala 8, mbali zonse ziwiri. Kusindikiza pa pepala lokhuthala, €0.60 lililonse, €4.80. Kumata pulasitiki, €1.50 lililonse, €12. Ndinadula ndekha ndi sizasi.

Ndinalakwitsa kumatitsa ndisanapatse munthu wina kuti awerenge. Madzulo agogo anavala magalasi n'kuyamba kuwaona limodzilimodzi, ndipo anapeza zolakwika ziwiri. Choyamba: ndinalemba *qualche volte*. Liwu lakuti *qualche* limatsatidwa ndi dzina la chinthu chimodzi nthawi zonse, ngakhale tanthauzo ndi la zingapo, ndiye cholondola ndi *qualche volta*. Ukafuna *volte* unene *a volte* kapena *alcune volte*. Chachiwiri: pa makhadi atatu ofiira kachizindikiro ka pamwamba pa *è* kanasowa. *È* ndi "ndi" wa kuti ichi ndi chakuti, *e* wopanda kachizindikiro ndi "ndi" wolumikiza zinthu ziwiri. Choncho *e l'una* sikutanthauza kuti ndi 1 koloko. Ndinakopera ziganizozo kuchokera m'mauthenga a pafoni momwe ndinkalemba mothamanga, osabwereranso kuziona.

Mwamwayi zolakwika zonse zinali pa mapepala awiri okha. Kusindikizanso ndi kumatanso, €4.20. Amene mudzapange zotere, sindikizani kaye pa pepala wamba la masenti ochepa, mupatse mwini chilankhulo awerenge ndi cholembera m'manja, pulasitiki ibwere pambuyo. Siyaninso kampata ka pulasitiki m'mbali podula. Makhadi anayi amene ndinadula mogundiza pepala ayamba kale kutseguka m'makona, ndawamata ndi selotepu.

30 Novembala

Ndaboola pakona ndi chiboolero chobwereka n'kumanga milu isanu pa mphete zachitsulo, €2. Ndalama zonse kuyambira Sepitembala: €44.80. Pa ndalamazi, €7 inapita pa zolakwika zopeweka, paketi yachiwiri ija ndi mapepala awiri obwereza. Dikishonale ya €8 inathandiza sabata yoyamba yokha. Mawu ambiri amene alowa m'bokosi ndinawatola m'kamwa mwa anthu a m'nyumba muno, n'kukatsimikiza pa Treccani.

Lamlungu lapitali ndinamufunsa makhadi onse 64 pafoni, ine kutchula Chichewa, iye kuyankha Chitaliyana. Wakhoza 58. Atatu a mankhwala aja sanazengereze n'komwe, ndipo *ora* tsopano ikutuluka ndi r womveka. Pa 6 amene walakwa, awiri ndi *in tempo* ndi *in orario*, awiri ndi "nthawi zina" ndi "nthawi iliyonse" zomwe akuyankhabe *tempo*, limodzi ndi *ci vogliono*, lomaliza ndi *è l'una* lomwe anati *sono l'una*. Amenewa ndawachotsa pa mphete zawo n'kuwaika pa mphete yawoyawo, kuti azidzayamba nawo m'mawa uliwonse.

Makhadi enieniwo atengedwa ndi mayi wina wa kutchalitchi amene akupita kumudzi pa Khrisimasi, kuti mwanayu adzawagwiritse ntchito masabata atatu asanakwere ndege. Akafika ndikamulembetsa ku CPIA, sukulu za boma zophunzitsa akuluakulu, chifukwa mayeso a Chitaliyana a mulingo wotchedwa A2 amafunika pofunsira chilolezo chokhalitsa ndipo makhadi okha sangamufikitse kumeneko. M'paketi yachiwiri mwatsala makhadi oyera 30 ndi kena. Liwu lotsatira ndi "get", ndipo pofika usiku uno ndalemba kale *prendere*, *arrivare*, *diventare*, *ricevere* ndi *capire*, kutsogolo kwake kutenga, kufika, kusanduka, kulandira ndi kumvetsa.